Kapitawo wa pakhonde pathu

Kunyumba kwathu kuli mnyamata wa zaka 9 amene tonse timamutchula kuti Kapitawo. Dzinali anamupatsa ndi malemu agogo ake aamuna, amene anathyola tiyi kuesiteti mpaka msana unapindika. Ali ndi zaka ziwiri, mwanayu ankatola zitsekerero za mabotolo pa okala yanga n'kuzindandalika pakhonde, mzere woongoka ngati wa tiyi, kenako n'kumayenda m'mbali mwake akuyang'anitsitsa. Ukasuntha chimodzi iye ali kuseri, pobwera ankafikira pa chomwecho n'kuchibwezera pamalo pake. Agogowo anaseka mpaka kutsokomola. "Uyutu ndi kapitawo," anatero. "Tsiku lina adzatilemba tonse kuti tajomba."

Tinaseka nawo, chifukwa nthawi imeneyo zinali zoseketsa.

Ine kwathu ndi ku Thyolo, cha ku Makwasa, koma ndinakwatira ku Mulanje kuno, m'mudzi wina wa pakati pa Chitakale ndi Limbuli. Ndili pachikamwini. Ndatchula dala zimenezi, chifukwa mkamwini akakhala ndi mwana wosalankhula, ndiye chaka chomwecho n'kugula njinga yamoto, anthu safunanso dokotala woti awauze chimene chavuta.

Chimene tinayamba kuona n'chakuti ukamuitana sankacheuka. Mayi ake ankatha kuitana kasanu ali naye pafupi pomwepo, iye zii. Koma wina akangokhudza pepala la switi ku okala, ankatulukira. Sankaloza chinthu ndi chala monga amachitira ana anzake akaona ndege kapena galu. Akafuna madzi ankagwira dzanja langa n'kukaliika pa ndowa osandiyang'ana, ngati dzanjalo ndi chikho, osati la munthu. Mawu awiri amene anali nawo, "amama" ndi "tiye", anazimiririka asanakwanitse zaka ziwiri. Zosayang'ana anthu m'maso akuluakulu anaziyamikira, amvekere mwana waulemu uyu. Ndiye panali mvula. Amene mumaidziwa mvula ya kuno kunsi kwa phiri, ikamamenya malata usiku wonse, ganizirani muli ndi mwana amene amatseka makutu n'kumakuwa ngati akumuotcha ndi chikuni. Kuyambira Disembala mpaka Malichi tulo tinkangotimvera kwa anzathu.

Aliyense anali ndi yankho lake. Ena amati ana aamuna amachedwa, mbale wawo wina analankhula ali ndi zaka 4 ndipo lero ndi mlaliki. Ena amati lilime ndi lomangika, kamtsempha ka pansi kadulidwe. Azimayi a pamjigo ankanong'onezana za tsempho, kutanthauza kuti ine ndinayenda kumbali mwana ali wakhanda. Wina anati ndi katemera wa chikuku uja analandira ali ndi miyezi 15. Koma nkhani imene inamera mizu inali ya njinga.

Ndalama ya njingayo inachokera ku chipereganyu chimene tinkachita anthu 6 a pamsika, kuphatikizapo ya banki m'khonde ya mayi akunyumba. Aliyense ankadziwa zimenezi. Komabe Loweruka lina amalume awo a mayi akunyumba, eni mbumba, anaitanitsa ankhoswe. Tinakhala pansi pa mtengo wa mapeyala. Anayamba ndi za mvula, za mtengo wa feteleza, za maliro a kutsidya, kenako anatembenukira kwa ine.

"Akamwini, ife sitikana kuti munthu alemere. Koma mutiuze, mwanayu mawu ake munawaika kuti?"

Ndinayankha mwaulemu monga ayenera kuchitira mkamwini, manja ali pamaondo, koma m'mimba mukutentha. Apongozi anga aakazi anakhala chapatali atafunda chitenje kumutu, osanena kanthu. Kukhala chete kwawoko kunandipweteka kuposa funso la amalume.

Pofuna kudziyeretsa ndinavomera chilichonse chimene ananena. Tinaoloka pa Muloza kupita kwa sing'anga wina cha ku Milange. Mbuzi inapita, mwana anabwerako ndi mphini pachifuwa ndi pakhosi. Kenako kunali kumapemphero a usiku wonse, ndipo kumeneko ndikakumbukira mtima umandiwawabe. Anamuika kutsogolo, pafupi ndi masipika awiri aakulu ngati mafiriji, ng'oma zikulira, anthu akufuula. Mwana anadziponya pansi, kumenyetsa mutu, kudziluma dzanja. Onse anakuwa kuti chiwanda chayamba kutuluka. Ine ndinakhulupirira, ndinamugwira miyendo kuti asathawe. Lero ndikudziwa kuti chimene chinkamuzunza usiku umenewo linali phokoso, ndipo amene anamupanikiza kuti asalithawe anali bambo ake omubereka. Kupemphera sindinasiye, koma mwana wanga sadzakhalanso pafupi ndi sipika.

Amene anatilozera njira ina ndi alangizi a zaumoyo a dera lathu, aja amayeza ana kusikelo. Tinapita ndi mlongo wake wakhanda, ndipo Kapitawo anali pambali akuzunguza gudumu la njinga yakapalasa ya alangiziwo osatopa. Anamuyang'ana kwa kanthawi, anafunsa mafunso angapo, n'kulemba m'buku lake la kuchipatala kuti akaonedwe. Koyamba kumene tinapita sitinathandizike. Munthu amene tinamupeza sanadzuke n'komwe pampando, anangoti, "Adzalankhula ameneyu, mukungomulekerera." Tinabwerera. Patapita miyezi tinayesanso, tinapeza wina, ndipo ameneyo anatilembera kalata ya ku Queens ku Blantyre. Munali mu 2021, mwana ali ndi zaka 5. Za ulendo wa paminibasi kudzera msewu wa Midima, anthu anayi pampando wa atatu, ndi mwana amene safuna kukhudzana ndi mlendo, ndidzakamba tsiku lina.

Anayamba ndi kumuyeza makutu, ndipo anapezeka kuti amamva bwinobwino. Kenako adokotala anafunsa za mimba, za tsiku lobadwa, ngati analira atangobadwa, ngati anadwalapo malungo aakulu, ngati amakomoka kapena kugwa khunyu. Anamupatsa kagalimoto koseweretsa. Iye anakagadabuza n'kuyamba kuzunguza mateyala. Anamuitana, anamulozera chithunzi pakhoma, anayesa kusewera naye. Pomaliza analemba mawu amodzi m'buku muja: autism.

Ndinafunsa kuti mankhwala ake tikalandirira windo iti. Anandiuza kuti mankhwala ochiza autism kulibe, kaya mapiritsi kaya jakisoni, kuno ngakhale kunja. Mankhwala amaperekedwa pa mavuto ena amene nthawi zina amabwera limodzi, monga khunyu, kapena mwana akamadzivulaza kwambiri, koma wathuyu sankafunika. Ndisaname, ndinakwiya. Thiransipoti yonse ija, okala yotseka tsiku lathunthu, n'kubwerako opanda ngakhale panado? Komabe ndisanatuluke ndinafunsa funso limene linandiyendetsa ulendo wonsewo, ngati pali chimene bambo angachite choti n'kutseka mwana pakamwa. Adokotalawo anaoneka kuti sikanali koyamba kulimva. Anati ubongo wa mwanayu unakula mosiyana kuyambira ali m'mimba, kuti kawirikawiri zimayendera m'magazi a kubanja, ndipo si tsempho, si ufiti, si katemera. Ine mumtima ndinaonjezera kuti si njinganso. Mayi akunyumba anawapempha kuti abwereze pang'onopang'ono, kuti akathe kukafotokoza kumudzi mmene amvera.

Masiku otsatira ndinatha mabandulo ambiri ndikuwerenga pafoni usiku. Ndinapeza kuti dokotala wina wa ku America, Leo Kanner, ndi amene analemba za ana 11 otere mu 1943, ndipo kwa zaka zambiri pambuyo pake akatswiri a kumeneko ankaloza chala amayi, amvekere ndi ouma mtima, sakonda ana awo. Ndiye kuti nawonso anayambira pabwalo ngati la pansi pa mapeyala lija, kungoti iwo anagwira amayi, ife timagwira akamwini. Nkhani ya katemera inachokera ku England mu 1998, kwa dokotala wina dzina lake Andrew Wakefield. Zimene analembazo zinapezeka kuti zinali zachinyengo, magazini ya zachipatala ya Lancet, imene inazisindikiza, inazichotsa mu 2010, mwini wake n'kuletsedwa kugwira ntchito ya udokotala, koma bodzalo linayenda mpaka kufika pamjigo wa m'mudzi mwathu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linkanena kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 ali ndi autism. Nditaona chiwerengerochi ndinaganiza za Sitandade 1 ya pasukulu yathu, mmene ana amapitirira 100 m'kalasi imodzi. Ndinaganizanso za ana aja timawadziwa tonse m'midzimu, otsekeredwa m'nyumba makolo akapita kumunda, amene timangoti ndi ozerezeka.

Chithandizo chenicheni chinayamba kwa mayi ena a mafizo, amene tinkakumana nawo kamodzi pamwezi. Ine mafizo ndinkawadziwa ngati a anthu a sitiroko ndi othyoka miyendo. Tsiku loyamba ndinakhala pabenchi n'kumukankhira mwana kutsogolo kuti pita kwa adokotala. Mayiwo anayala mphasa nati, "Bambo, vulani nsapato mukhale pansi apa. Lero ndiphunzitsa inuyo." Anatiuza mosabisa kuti iwo mwanayu azimuona ola limodzi pamwezi, pamene ife tili naye masiku 30, ndiye ntchito yaikulu ili m'manja mwathu.

Phunziro loyamba linali lochititsa manyazi. Anati ndisamuuze chochita, ndizingotsanzira zimene iye akuchita. Akamaika zitsekerero pamzere, inenso ndiziika zanga pambali. Akagogoda pansi kawiri, inenso kawiri. Bambo wandevu, mwini okala, chokwawa pamphasa! Kunyumba ndinkachita zimenezi chitseko chili chotseka, kuopa kuti a m'mudzi akandiona anena kuti chizimba chija chatembenukira mwini wake. Sabata yoyamba sanandione n'komwe. Sabata yachitatu ndinaika dala chitsekerero cha Fanta pamzere wa za Coca-Cola. Anachichotsa, kenako anadzutsa mutu n'kundiyang'ana kumaso, ngati akufunsa kuti kodi inu zikukuyenderani bwino? Kanali kanthawi kochepa kwambiri. Ndinatuluka n'kukaima kuseri kwa bafa.

Lachiwiri linali kudikira, ndipo ili ndi limene linativuta tonse. Ifetu mwana timamuthira mawu ngati madzi: tabwera kuno, tawapatsa moni alendo, wadzuka bwanji, tanena kuti ndadzuka bwino, iwe sukumva? Mayi aja anati mawu onsewo kwa Kapitawo ali ngati mvula ya pamalata ija. Nenani liwu limodzi kapena awiri, kenako tsekani pakamwa muwerenge mpaka 10 mumtima. Tayesani nokha muone kutalika kwake. Anatinso tisiye kumupatsa zinthu asanapemphe. Mayi ake ankadziwiratu chimene akufuna iye asanasunthe n'komwe, ndiye panalibe chomukakamiza kuti apemphe. Nthochi tinayamba kuziika pamwamba pa kabati, poonekera koma posafikira.

Kenako kunabwera makadi. Njira imeneyi amaitcha PECS, ndipo inayambira ku America mu 1985. Mwana wosalankhula amapereka chithunzi cha chinthu chimene akufuna, iwe n'kumupatsa chinthucho nthawi yomweyo uku ukutchula dzina lake. Kunja amagula mabuku ake okongola. Ife tinajambula ndi foni zinthu za m'nyumba mwathu momwemo, kapu yake yobiriwira, nthochi, mbale ya nsima, chimbudzi, njinga yamoto, tinakatsukitsa pa Chitakale, n'kumata pa zidutswa za katoni ya sopo, pamwamba n'kukulunga selotepi. Poyamba pamafunika anthu awiri. Mayi ake ankakhala kutsogolo atagwira nthochi, osanena kanthu. Iye akatambasula dzanja kuti alande, ine kumbuyo ndinkagwira dzanjalo, kulitsogolera pa khadi, kutola, n'kukaika m'manja mwa mayi ake. Iwo amvekere, "Nthochi!" n'kumupatsa kachidutswa. Kachidutswa kokha, osati yonse, kuti apemphenso. Mikoko ya nthochi inatha ingapo. Tsiku ndi tsiku ndinkachepetsa kugwira, kuchoka padzanja kufika pachigongono, kenako kungokhudza phewa. M'mawa wina mayi ake akukoleza moto anangomva wina akuwakoka chitenje. Kucheuka, khadi la nthochi.

Amalume aja atamva anati mapepalawo amupatsa ulesi, sadzalankhulanso. Sizinatero. Liwu loyamba kubwerera linali "thochi", patatha miyezi ingapo, khadi lili m'manja. Kukuwa nakonso kunachepa, chifukwa kukuwa kwambiri kuja kunali kwa munthu amene akufuna madzi koma akumupatsa phala.

Makadi ena tinawapachika pa chingwe m'nyumba ndi zopanira zovala, kuyambira kudzuka, kusamba, phala, mpaka kugona. Chimene chatha amachichotsa yekha n'kuchiponya m'chitini. Akadziwa chimene chikubwera mtima wake umakhala pansi, chimene amadana nacho ndi kudzidzimutsidwa. Chimbudzi chinatitengera pafupifupi chaka. Ankaopa dzenje ndi mdima, ndiye ndinaboola kawindo, ndinachepetsa bowo ndi thabwa, ndipo tinayamba ndi kungoima pakhomo, mawa lake phazi limodzi mkati. Kumeta timameta ndi sizasi ali pakhonde ndi zitsekerero zake, makina a kubabashopu ayi. Za mvula ndinakhoma mphasa ndi makatoni kunsi kwa malata a chipinda chake ngati siling'i, ndipo ali ndi mahedifoni akufa amene amavala pamwamba pa chipewa chaubweya mitambo ikangoyamba kutsika m'phiri. Kudya ndiye tikulimbana nakobe. Nsima amadya, koma ndiwo zikangokhudza nsimayo mbale yonse yaipa. Nandolo analawa koyamba chaka chatha, njere zitatu, ndipo tinauza aliyense wodutsa.

Powerenga ndinakumananso ndi njira ina yotchuka kunja, ya ABA, yophunzitsa mwana chinthu mobwerezabwereza n'kumamupatsa mphoto akachita bwino, imene katswiri wina, Ivar Lovaas, anaitchukitsa mu 1987 ndi ana amene ankaphunzitsidwa maola 40 pa sabata. Maola 40, ndi aphunzitsi olipidwa! Ndinazimitsa foni. Chimene chinandikhudza kwambiri ndi zolemba za anthu akuluakulu amene ali ndi autism eni akewo, pa Facebook ndi kwina. Ambiri amadandaula kuti ali ana ankakakamizidwa kuyang'ana anthu m'maso ndi kukhazika manja pansi kuti azioneka ngati ena onse, ndipo zinkawazunza. Kapitawo akasangalala amakupiza manja ngati nkhuku yofuna kuuluka. Kale ndinkamumenya pamanjapo, makamaka pamaso pa makasitomala. Nditadzifunsa kuti kukupizako kukupweteka ndani, ndinapeza kuti ndi manyazi anga basi. Ndinasiya. Tsopano chimene chingamuvulaze kapena kumutsekera njira timalimbana nacho, koma chimene chimangodabwitsa anthu, adabwe. Ndiponso abale, musanditumizirenso mavidiyo a Temple Grandin, mayi wa ku America uja ali ndi autism ndipo ndi pulofesa wa za ziweto. Ndimamulemekeza, koma ana awa ndi osiyanasiyana kwambiri. Ena amafika ku yunivesite, ena adzafuna wowasamalira moyo wawo wonse. Wangayu sakuyenera kuchita kukhala pulofesa kuti anthu aleke kumutcha chitsiru.

Pa zomuvulaza, choyamba ndi madzi. Ana ambiri otere amachoka osatsanzika ndipo madzi amawakoka, pamene kuno mitsinje yochokera m'phiri imadzaza mwadzidzidzi ngakhale kumudzi kusanagwe dontho. Tsiku lina anasowa masana. Tinamupeza patatha maola awiri atakhala pamwala pakati pa kamtsinje kathu kamene kamakathira mu Ruo, akuponya timiyala m'madzi. Anthu atatu anamuona akupita, palibe anamuimitsa. Wina anati ankaopa kugwira mwana wa chizimba. Madzulo omwewo ndinapita kwa amfumu kukapempha kuti pamsonkhano wotsatira andipatse mpata. Mkamwini kuima pabwalo n'kumakamba za m'nyumba mwake si chinthu chapafupi. Ndinanyamula buku la kuchipatala ndi makadi. Ndinawauza kuti mukamuona yekha kunjira ya kumtsinje kapena kumsewu, musamuthamangitse, musakuwe, ingoyendani pambali pake n'kunena kuti, "Kapitawo, kunyumba," wina n'kundiimbira. Ena anaseka. Koma chichokereni tsikulo anyamata a kabaza amubweza kawiri.

Namondwe wa Freddy atafika mu Malichi 2023, zimene tinamanga zinagwera limodzi ndi khoma la khitchini. Ife tinapulumuka, ambiri m'boma lino sanapulumuke, ndiye sindingadandaule mopitirira. Tinakhala masiku angapo m'tchalitchi pamodzi ndi mabanja ena ambirimbiri, makanda akulira, mvula ikumenya malata opanda siling'i, chingwe cha makadi chitatsala m'matope. Kapitawo anasiya kudya, anayambanso kudzikodzera, mawu ake onse anabisala. Usiku wachiwiri, ine ndi mayi ake titatheratu, apongozi anadzuka pakona pawo. Anamutenga osanena kanthu, anakhala naye pansi atayang'ana kukhoma, n'kufunditsa chitenje mitu yawo yonse iwiri ngati kahema. M'katimo anamupatsa mbale ya nyemba zosakanikirana ndi chimanga kuti azisankha. Kulira kunatha. Anagona pamiyendo pawo.

Ine ndi apongozi sitichezerana, mwambo wake ndi umenewo, tikakumana panjira wina amapatuka. Koma m'mawa mwake anatuma mwana wawo kudzandiuza kuti ndipeze katoni ina, makadi aja apangidwenso, ndipo pakhale lina la chithunzi chawo. Phunziro la kudikira lija, limene ine ndinalimbana nalo miyezi, iwo sanafunike kuphunzitsidwa. Amatha kukhala naye ola lathunthu akusenda nandolo osamufunsa funso ngakhale limodzi. Zimene anataya nthawi ya namondwe zinabwerera pang'onopang'ono, chimbudzi patatha miyezi inayi.

Kusukulu nakonso sikunali kophweka. Kumkombaphala anamubweza sabata yoyamba, amvekere akuopseza anzake. Kupulayimale mphunzitsi wina anandiuza pamaso pa ana kuti ameneyu malo ake si pano. Ndinali nditamva kale kuti lamulo la anthu aulumali la 2012 linaletsa kukaniza mwana sukulu chifukwa cha ulumali, ndipo ndinanena zimenezo mawu akunjenjemera, koma mphunzitsiyo anali ndi ana oposa 100 akumudikira, lamulo langalo silinamuchotsere ngakhale mmodzi. Chinathandiza n'chakuti tinamva za sukulu ina, patali pang'ono, imene ili ndi kachipinda ka ana ofunika thandizo lapadera, ndi aphunzitsi amene anaphunzira ku koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu. Mphunzitsi mmodzi, ana osamva, osaona bwino, ochedwa kugwira zinthu, onse ake. Ndimamuperekeza m'mawa uliwonse pa njinga yamoto yomwe ija, amakhala maola awiri, n'kukamutenga. Amakhala pafupi ndi khomo kuti phokoso likachuluka atuluke, akaime pansi pa mtengo, abwerere.

Lero ali ndi mawu mwina 40. Sakamba nkhani, sandiuza kuti kusukulu kunali bwanji. Amawerenga manambala mpaka 100, ndipo mashelefu a okala amakonza ndi iye. Paketi ya shuga ikasowa amadziwa ine ndisanadziwe. Masiku oipa alipobe, oti amadziluma mpaka magazi ife osapeza chifukwa, mawa lake n'kuzindikira kuti linali dzino. Mlongo wake wa zaka 6 amamumvetsa kuposa tonsefe, ndipo ndimadziletsa kuti ndisamusandutse mlezi akadali mwana. Mayi akunyumba anasiya geni yawo ya zinanazi kumsika wa Limbuli, ndipo pali masiku amene amakhala kuseri kwa nyumba osafuna kulankhula ndi munthu. Lachitatu masana ndimatseka okala kuti iwo apite kulikonse kumene akufuna, ngakhale kukangogona kwa mnzawo. Za mtsogolo, ife tikadzapita, timakambirana usiku motsitsa mawu, ndipo sitinagwirizanebe chimodzi.

Chaka chino azimayi awiri ndi bambo mmodzi abwera ku okala, aliyense payekha, kugula machesi n'kumazengereza mpaka makasitomala atatha. Kenako motsitsa, "Wangansotu sacheuka." Ndimawauza kuti ayambe ndi kukayezetsa makutu, akanene kuchipatala ngati mwana amagwa kapena kukomoka, mphini azisiye, ndipo ndimawaonetsa makadi. Tsopano timakumana Lamlungu loyamba la mwezi tikaweruka kutchalitchi, pakhonde pomwepa, ana akuchita zawo. Bambo uja nayenso ndi mkamwini, ndipo ali ndi chigayo.

Amalume aja sanapepese, ndipo sindikuyembekezera kuti adzatero. Mwini mbumba sapepesa kwa mkamwini. Koma kuyambira chaka chatha, akamachokera kokamwa kwawo Loweruka, amadzera pakhomo pathu ndi jumbo ya zitsekerero zimene atola kumeneko. Amakhala pampando, amakhuthulira pansi, n'kunena kuti, "Bwana Kapitawo, katundu wafika." Dzulo anabwera nazo zambiri. Kapitawo anaziyang'ana chimodzichimodzi, zabwino n'kumaziika pamzere. Zopindika zisanu ndi ziwiri anazisonkhanitsa, anatenga dzanja la amalume, analitambasula, anaziika m'menemo n'kulifumbatitsa.

"Zakanidwa izi?" anafunsa amalume.

"Bweza," anatero Kapitawo osawayang'ana, ali kale pamzere wachiwiri.